Rumi wa pa sitetasi ndi Rumi wa ku Konya

Ngati muli pa Facebook kapena mumasuzumira masitetasi a anzanu pa WhatsApp, dzina loti Rumi mwakumana nalo basi. Kachithunzi ka dzuwa likulowa, kapena kandulo, kenako timawu tiwiri titatu ta chikondi ndi mabala a mumtima, pansi pake nkulemba kuti Rumi. Ine kwa nthawi yaitali ndinkaganiza kuti ndi munthu wamasiku ano, mwina mphunzitsi wa yoga wina wake yemwe amagulitsa mabuku olimbikitsa anthu osweka mtima, moti tsiku lomwe ndinadziwa kuti mkuluyu anamwalira mu 1273, kuti anali shehe wophunzitsa malamulo a Chisilamu komanso woweruza pa nkhani za chipembedzo, ndinaseka ndekha. Munthu amene timamuika pa sitetasi tikakanidwa ndi chibwenziyu anali woti anthu ankapita kukamufunsa za malamulo a swala ndi kagawidwe ka chuma cha masiye.

Ngakhale dzinalo si lake lenileni. Dzina lake linali Jalal al-Din Muhammad. Rumi ndi dzina la malo, kutanthauza munthu wa ku Rum, ndipo Rum ndi momwe Asilamu ankatchulira dera la Anatolia, lomwe lero ndi Turkey, chifukwa kale linali m'manja mwa Aroma. Ku Turkey amati Mevlana, ku Iran amati Mowlana kapena Mowlavi, kutanthauza mbuye wathu kapena mphunzitsi wathu, ndipo ku Afghanistan amakonda kunena kuti Balkhi posonyeza kuti ndi mwana wa kwawo. Maiko atatu anayi amamulimbirana mpaka lero, aliyense akuti ndi wathu.

Anabadwa mu 1207. Nkhani yomwe yakhala ikunenedwa kuyambira kale imati anabadwira ku Balkh, kumpoto kwa Afghanistan, koma akatswiri ena monga Franklin Lewis amene anafufuza bwino zolemba za bambo ake amati banjali pa nthawiyo linkakhala ku Vakhsh, komwe lero kuli mu Tajikistan. Bambo akewo, a Baha al-Din Walad, anali mlaliki komanso katswiri wa malamulo, munthu wokonda kusinkhasinkha za Mulungu ndipo anasiya buku la maganizo ndi masomphenya awo lotchedwa Ma'arif, limene mwana wawo analiwerenga mobwerezabwereza mpaka kukula. Rumi ali mwana banja lonse linasamuka kulowera kumadzulo, ndipo pasanapite zaka zambiri asilikali a Genghis Khan, mfumu ya a Mongol, anafika nkusandutsa Balkh bwinja. Ndiye mwanayu anakulira pa msewu, kudutsa Baghdad, kukachita haji ku Mecca, kenako kulowa Anatolia. Pa tauni ya Larende, yomwe lero ndi Karaman, mayi ake anamwalira, iye nkukwatira mtsikana dzina lake Gowhar Khatun asanakwane zaka 20, ndipo mwana wake Sultan Walad anabadwa mu 1226. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1220 anakakhazikika ku Konya, likulu la mafumu a Seljuk, nthawi ya mfumu Ala al-Din Kayqubad.

Bambo ake anamwalira mu 1231, iye ali ndi zaka pafupifupi 24. Wophunzira wakale wa bambo akewo, Burhan al-Din wa ku Tirmidh, anabwera kudzamutenga ngati mwana wake pa zauzimu, nkumutumiza ku Aleppo ndi ku Damascus kuti akaphunzire malamulo, hadisi (zonena ndi zochita za Mtumiki Muhammad) ndi kumasulira Qur'an, komanso kumuzoloweretsa kusala ndi kudzipatula masiku 40. Pofika cha m'ma 1240 Rumi anali munthu wamkulu mu Konya, wa ophunzira ambiri, wolalikira mu mzikiti, wolemekezeka kwa akuluakulu a boma. Kunena chilungamo akanamwalira nthawi imeneyo bwenzi lero palibe akumudziwa kupatula mapulofesa angapo a mbiri yakale.

Zinthu zinatembenuka mu Novembala 1244, pamene mu Konya munafika nkhalamba ina ya zaka ngati 60, yovala zakuda, yosakhazikika malo amodzi, dzina lake Shams al-Din wa ku Tabriz. Shams mu Chiarabu ndi dzuwa. Mkuluyu anali wophunzira kwambiri koma wovuta, wolankhula mosapsatira, ankadana ndi mashehe okonda ulemu ndipo akafika pa tauni ankagona ku nyumba za alendo za amalonda ngati wabizinesi wamba kuti anthu asamuzindikire, ndalama ankazipeza pophunzitsa ana kuwerenga kapena kugwira maganyu. Pali nthano zambiri za momwe anakumanirana, ina imati Shams anaponya mabuku a Rumi m'madzi nkuwatulutsa ali ouma, koma izo zinalembedwa pambuyo pake ndi anthu okonda zozizwitsa. Yomwe ili ndi maziko ndi ya funso, chifukwa Shams mwiniwake anaitchula m'mawu ake omwe ophunzira anawalemba, otchedwa Maqalat.

Funsolo linali lokhudza Bayazid Bistami, Msufi wakale (Asufi ndi Asilamu otsata njira yoyeretsa mtima) yemwe atadzazidwa ndi chimwemwe chauzimu anafuula mawu odzitamanda ngati kuti iye ndi Mulungu ndi amodzi. Pomwe Mtumiki Muhammad ankati sanamudziwe Mulungu momwe ayenera kudziwidwira ndipo ankapempha chikhululuko kambirimbiri tsiku lililonse. Nde Shams akufunsa, wamkulu ndani pamenepa? Funso la msampha, chifukwa ukayang'ana mwachangu ukhoza kuona ngati Bayazid ndiye anafika patali. Yankho lomwe amati Rumi anapereka ndi loti Bayazid anamwa kamodzi nkukhuta poti chikho chake chinali chaching'ono, pomwe Mtumiki ludzu lake linkakulirakulira akamamwa. Taonani pamene ubwenzi wawo unayambira, pa kukambirana za ukulu wa Mtumiki Muhammad. Izi muzikumbukire tikafika pa nkhani ya masitetasi ija.

Kuchokera tsiku limenelo awiriwa anadzitsekera kwa miyezi, akungokambirana. Rumi anasiya kuphunzitsa, anasiya kulalikira. Amati Shams anamuletsa kuwerenga ngakhale buku la bambo ake lomwe lija, nkumulowetsa mu zomwe Asufi amati sama, kumvetsera nyimbo ndi ndakatulo uku ukuzungulira thupi pokumbukira Mulungu, chinthu chomwe akatswiri ambiri a malamulo ankachiyang'ana ndi diso lokayika. Tsono dziikeni m'malo mwa ophunzira ake. Ena anachokera kutali kudzaphunzira kwa shehe wotchuka, lero shehe uja sakuoneka, watengedwa ndi nkhalamba yosadziwika komwe yachokera, yamwano, yomwe mwinanso imakufunsa kuti wabweretsa chiyani ukafuna kuonana ndi mphunzitsi wako yemwe. Ine sindiwaweruza kwambiri anyamata amenewo. Nsanje inakula, manong'onong'o anachuluka, ndipo mu 1246 Shams anangochoka osatsanzika.

Ophunzira ankaganiza kuti basi shehe wawo abwerera mwakale, koma zinaipiraipira, Rumi anangodzitsekera osafuna kuona munthu. Itamveka mbiri yoti Shams ali ku Damascus, anatuma mwana wake Sultan Walad kuti akamutenge, ndipo mnyamatayu akuti anayenda wapansi ulendo wonse wobwerera, Shams ali pa hatchi, posonyeza ulemu. Anafika mu 1247, anthu anapepesa, Shams anakwatira mtsikana wa pakhomo pa Rumi dzina lake Kimia, koma mtsikanayu anamwalira pasanapite nthawi ndipo chidani chija chinabwereranso, nthawi ino mwana wina wa Rumi, Ala al-Din, ali mbali ya odana ndi Shams. Chakumapeto kwa 1247 kapena kumayambiriro kwa 1248 Shams anasowanso, ulendo uno osabwereranso.

Aflaki, yemwe analemba mbiri ya Rumi patadutsa zaka makumi angapo Rumi atamwalira, anati Shams anaphedwa usiku ndipo Ala al-Din anali nawo pa chiwembucho. Koma Sultan Walad, yemwe analipo nthawi imeneyo, sanalembe za kuphedwa, ndipo Rumi mwini anapita ku Damascus kukamufunafuna, zomwe munthu sungachite ngati ukudziwa kuti mnzako ali m'manda. Lero ku Konya kuli malo omwe amati ndi manda a Shams, ku Khoy mu Iran kulinso ena.

Apa ndi pamene mlakatuli anabadwira. Munthu wa zaka 40 yemwe moyo wake wonse unali wa mabuku a malamulo anayamba kutulutsa ndakatulo ngati madzi a pa kasupe, zambiri akuzinena pakamwa uku akuzungulira, ena akulemba. Zinasonkhanitsidwa m'buku lotchedwa Divan-e Shams-e Tabrizi, muli ndakatulo zoimbika za mtundu wa ghazal zopitirira 3,000 ndi tina tatifupi ta mizere inayi pafupifupi 2,000. Pa mwambo wa ndakatulo za Chiperisiya, mlakatuli amatchula dzina lake mu mzere womaliza, ngati kusayina. Rumi m'malo moika dzina lake ankaika la Shams, ngati kuti akunena kuti wolankhula pano si ine. Pena ankamaliza ndi liwu loti khamush, kutanthauza khala chete. Munthu wolemba mizere masauzandemasauzande koma nkumadziuza kuti tseka pakamwa, ine zimenezi zimandisangalatsa kwambiri, chifukwa zikuonetsa kuti iye ankaona mawu ngati chinthu choperewera, chongolozera.

Sultan Walad anafotokoza kuti bambo ake atalephera kumupeza Shams ku Damascus anamupeza mwa iwo eni, anafika poona kuti iwo ndi Shams si awiri. Ndipo apa pali chinthu chomwe ife olankhula Chichewa tingachimve msanga kuposa Angerezi. Mu Chiperisiya liwu loloza munthu silisiyanitsa mwamuna ndi mkazi, chimodzimodzi ife tikati iye. Ndiye Rumi akati iye wabwera, iye wandisiya, iye wandiledzeretsa, sungadziwe ngati akunena Shams, kapena wokondedwa wamkazi, kapena Mulungu, ndipo kusadziwikako ndi dala. Womasulira mu Chingerezi amakakamizika kusankha, akasankha basi theka la tanthauzo lapita. Anthu ena masiku ano amafunsa ngati awiriwa anali pa chibwenzi, koma chilankhulo cha wokonda ndi wokondedwa, vinyo, kuledzera, tsitsi ndi maso a wokondedwa, chinalipo kale mu ndakatulo za Asufi Rumi asanabadwe, alakatuli a Chiperisiya Sana'i ndi Attar ankalemba choncho. Vinyo wake si wa m'botolo. Kwa Msufi mphunzitsi ali ngati galasi lomwe umaoneramo kuwala kwa Mulungu.

Mwina ndifotokoze pang'ono za Usufi poti ndakhala ndikuutchula. Si chipembedzo china ayi, ndi njira ya mkati mwa Chisilamu yomwe imalimbikira pa kuyeretsa mtima. Asufi amati mdani wamkulu wa munthu ndi nafs, kamtima kodzikonda kaja kamene kamafuna kutamandidwa, kubwezera, kukhala pamwamba, ndipo cholinga ndi kufika pa fana, pamene kudzimva kuti ine ine kumazimirira, nkutsala Mulungu yekha. Njira yake ndi zikiri, kusala, kutumikira ena ndi kukhala pansi pa mphunzitsi. Chomwe Rumi anatsindika kuposa ena ndi chakuti injini ya ulendo wonsewu ndi chikondi, osati nzeru za m'mutu, ndipo anayerekeza anthu odalira mtsutso wa nzeru okha ndi munthu wa mwendo wa mtengo, woti amayenda koma mwendowo ndi wosalimba. Koma sanataye malamulo, swala ankaswali, Ramadan ankasala ndipo ali ndi ndakatulo zambiri zotamanda kusala.

Nanga Rumi wa pa sitetasi uja anachokera kuti? Reynold Nicholson wa ku Cambridge anamasulira buku lalikulu la Rumi lotchedwa Masnavi mu Chingerezi pakati pa 1925 ndi 1940, ndipo wophunzira wake A. J. Arberry anamasulira ndakatulo zina zambiri, onsewa molondola koma mouma, zowerenga anthu a ku yunivesite. Mu 1976 mlakatuli wa ku America Robert Bly anapatsa mnzake Coleman Barks zomasulira za Arberry kuti aziike mu Chingerezi chamoyo. Barks sankadziwa Chiperisiya, ankangotenga Chingerezi cha ena nkuchikonza mwa ndakatulo za ku America, ndipo buku lake la The Essential Rumi la 1995 linagulidwa kwambiri mpaka Rumi nkukhala mmodzi wa alakatuli ogulidwa kwambiri ku America. Vuto ndi loti pokonzapo zambiri za Qur'an, za Mtumiki, za swala zinatsala m'njira. Chitsanzo chodziwika ndi ka ndakatulo kamene mu Chingerezi kamanena za bwalo lomwe lili kuseri kwa maganizo a chabwino ndi choipa. Mu Chiperisiya mawu ake ndi kufr ndi Islam, kusakhulupirira ndi Chisilamu, nkhani ya Asufi yonena za munthu amene wafika pamaso pa Mulungu pomwe maina sagwiranso ntchito. Anthu amakaika pa sitetasi ngati chilolezo choti palibe tchimo, kkkk. Palinso mawu otchuka aja oitana aliyense kuti bwera, kaya ndiwe ndani, amene ngakhale ku Konya amagulitsidwa pa timakadi, koma sapezeka m'mipukutu yakale kwambiri ya Rumi ndipo akatswiri ambiri amawalumikiza ndi Abu Sa'id Abu'l-Khayr yemwe anamwalira mu 1049. Ena ambiri omwe amayenda pa intaneti alibe nkomwe gwero.

Sindikuti Barks anachimwa kwambiri, popanda iye enafe sitikanalimva dzinali. Koma Rumi ali ndi ka ndakatulo komwe amadzitcha kapolo wa Qur'an ndi fumbi la pa njira ya Muhammad, nkuwonjezera kuti aliyense womunenera zosiyana ndi izi iye alibe naye gawo. Zili ngati ankadziwiratu.

Tibwerere ku Konya. Shams atasowa, Rumi anapeza bwenzi lina lauzimu mwa munthu yemwe palibe ankamuyembekezera, Salah al-Din Zarkub, wosula golide pa msika, munthu wosapita patali ndi sukulu yemwe mawu ena ankawatchula molakwika. Nkhani imati tsiku lina Rumi akudutsa pa msika anamva kulira kwa nyundo mu shopu ya Salah al-Din nkuyamba kuzungulira pomwepo pa msewu, mwini shopu nkuuza anyamata ake kuti musasiye kumenya ngakhale golideyo aonongeke. Ophunzira anadandaulanso, poti uyu ndiye analibe ngakhale maphunziro a Shams, koma Rumi anamuika kukhala woyang'anira ophunzira ndipo anakwatitsa mwana wake Sultan Walad kwa Fatima, mwana wa Salah al-Din. Salah al-Din anamwalira mu 1258, chaka chomwe a Mongol anagwetsa Baghdad.

Ndisaiwale kunena kuti zonsezi zinkachitika dziko lili pa moto. Mu 1243, chaka chimodzi Shams asanafike, a Mongol anagonjetsa a Seljuk pa nkhondo ya Köse Dağ, ndipo kuyambira pamenepo mafumu a ku Konya ankalamulira mwa dzina chabe, akupereka msonkho kwa a Mongol. Munthu wamphamvu anali nduna Mu'in al-Din Parvana, yemwe ankabwera kudzamvera Rumi ndipo Rumi ankamudzudzula pamaso. Zokamba zake za pa misonkhano yotere zinalembedwa m'buku la Fihi Ma Fihi, dzina lomwe tinganene kuti muli zomwe zilimo. Palinso makalata ake pafupifupi 150, ndipo amenewa ndi omwe amandionetsa munthu weniweni, chifukwa ambiri ndi opempha akuluakulu a boma kuti uyu mupatseni ntchito, uyu mumuchotsere msonkho, uyu ali ndi ngongole muthandizeni. Ina analembera mwana wake kumulangiza kuti azimusamala bwino mkazi wake Fatima. Munthu wozungulira mu chimwemwe chauzimu usiku, mmawa akulemba kalata yopemphera munthu ntchito.

Bwenzi lachitatu linali Husam al-Din Chalabi, ndipo kwa ameneyu tiyenera kuthokoza chifukwa cha Masnavi. Iye anaona kuti ophunzira akuwerenga mabuku a Sana'i ndi Attar, nde anapempha mphunzitsi wake kuti bwanji nanunso mulembe buku lophunzitsira. Amati Rumi anangopisa mu nduwira yake nkutulutsa pepala lomwe linali ndi mizere 18 yoyambirira, nati zotsalazo ndizinena iwe uzilemba. Ndipo zinayenda choncho kwa zaka zoposa khumi, pena usiku wonse mpaka kucha, Rumi akunena Husam akulemba kenako nkumuwerengera kuti akonze. Buku loyamba litatha ntchito inaima kwa kanthawi chifukwa mkazi wa Husam anamwalira, ndipo Rumi sanafune kupitiriza ndi mlembi wina, anadikira. Onse pamodzi ndi mabuku 6, mizere iwiriiwiri yogwirizana kamvekedwe pafupifupi 25,000. Anthu a ku Persia anafika politcha Qur'an ya mu Chiperisiya, chifukwa mavesi a Qur'an ndi hadisi ali ponseponse m'menemo.

Mizere 18 ija imayamba ndi chitoliro cha bango, chomwe kumeneko amati ney. Rumi akuti tamverani bango likudandaula, likuti chindidulireni ku dambo kwathu kulira kwanga kwaliza amuna ndi akazi. Ganizo lake ndi loti mzimu wa munthu unadulidwa kuchoka kwa Mulungu, ndipo kusowa mtendere komwe timakumva, kaya tili ndi ndalama kaya tilibe, ndi kulira kofuna kwathu. Koma onaninso kuti bango silingalire lisanadulidwe, kubooledwa ndi kuchotsedwa za mkati. Munthu amene analemba zimenezi anali atataya dziko lobadwira, mayi, bambo, mkazi woyamba, mphunzitsi ndi Shams.

Kawerengedwe ka Masnavi ndi kosokoneza poyamba. Amayamba nthano, isanafike pakati wayamba ina, mkati mwa inayo walowa mu ulaliki, kenako akulankhula ndi Husam kuti kwacha tiyeni tipume, patapita masamba angapo nkubwerera ku nthano yoyamba ija iwe utaiwala kale. Nthano zambiri sanapeke yekha, anazitenga mu Qur'an, mu mbiri za aneneri, mu nthano za ku India ndi nthabwala za pa msika. Ija ya njovu mu nyumba ya mdima ilimo, anthu akuipapasa, wogwira chitamba akuti ndi paipi ya madzi, wogwira khutu akuti ndi chokupizira mphepo, wogwira mwendo akuti ndi mzati, ndipo Rumi akuti aliyense akanakhala ndi kandulo m'manja mkangano sukanakhalapo. Ilimonso ya katswiri wa galamala yemwe anakwera bwato nkufunsa mwini bwato ngati anaphunzira galamala, atati ayi nkumuuza kuti theka la moyo wako lapita pachabe. Namondwe atayamba mwini bwato anafunsa kuti bwana, kusambira mumatha? Ayi. Basi moyo wanu wonse wapita. Pa nthanoyi pali sewero la mawu, galamala mu Chiarabu ndi nahw, kudzifafaniza ndi mahw, kusiyana chilembo chimodzi chokha, ndipo Rumi yemwe anali katswiri wa nahw akudziseka yekha pamenepo.

Yomwe imandigwira mtima ine ndi ya Musa ndi m'busa. Musa anapeza m'busa akupemphera motere, Mulungu muli kuti ndikutumikireni, ndikusokereni nsapato, ndikupeseni tsitsi, ndikuchapireni zovala, ndikuphereni nsabwe, ndikubweretsereni mkaka, ikakwana nthawi yogona ndikusesereni pogona. Musa anapsa mtima, iwe ukulankhula ndi ndani choncho, Mulungu ali ndi mapazi oti avale nsapato? Ukunyoza! M'busa uja anang'amba malaya ake ndi chisoni nkuthawira ku chipululu. Pamenepo Mulungu anadzudzula Musa kuti wandilekanitsa ndi kapolo wanga, unatumidwa kudzalumikiza kapena kudzalekanitsa? Ine sindiyang'ana lilime, ndimayang'ana mtima woyaka. Anthu ambiri amaimira pamenepa. Koma nthanoyo imapitirira, Musa anathamangira m'busa uja kukamuuza kuti pemphera momwe ukufunira, m'busa nkuyankha kuti ndadutsa kale pamenepo, chikwapu chako chija chinandithamangitsa nkundifikitsa patali. Ndiye kudzudzula kwa Musa nakonso kunagwira ntchito. Rumi sakusankha mbali imodzi, ndipo ndi chifukwa chake kumudula mizere iwiri kumamunamizira.

Komanso musaganize kuti bukuli ndi laulemu lokhalokha. Muli nthano zina zolaula zedi, za abulu ndi za kuchipinda, moti Nicholson pomasulira anachita manyazi nkuziika mu Chilatini kuti owerenga wamba asamve.

Rumi anamwalira pa 17 Disembala 1273 ali ndi zaka 66. Aflaki analemba kuti pa maliro ake panabwera Asilamu, Akhristu ndi Ayuda, aliyense akulira mwa chipembedzo chake, zomwe sizodabwitsa poti Konya inali tauni ya Agiriki, Aarmeniya, Aturuki ndi Aperisiya. Iye anali atanena mu ndakatulo kuti mukadzaona bokosi langa musadzalire kuti wapita, chifukwa imeneyo ndi nthawi yokumana, ndipo mpaka lero tsikuli ku Turkey amalitcha Şeb-i Arus, usiku wa ukwati. Anaikidwa pafupi ndi bambo ake, pansi pa denga lobiriwira lomwe ndi chizindikiro cha Konya.

Gulu la Mevlevi, la anthu ozungulira aja omwe mumawaona pa vidiyo atavala zoyera, analikhazikitsa bwino ndi Sultan Walad, ndipo mwambo wake wa dongosolo unakhwima patapita zaka zambiri, Rumi mwini ankangozungulira pamene zamufikira. Chilichonse pa chovala chawo chili ndi tanthauzo, chipewa chachitali ndi mwala wa pa manda a nafs, mkanjo wakuda womwe amauvula poyamba ndi manda, choyera cha mkati ndi nsalu yokulungira maliro. Dzanja lamanja limayang'ana kumwamba kulandira, lamanzere pansi kupereka. Kale wofuna kulowa gululi ankayamba watumikira masiku 1,001, ntchito zambiri za ku khitchini. Mu 1925 boma la Mustafa Kemal Atatürk linatseka magulu onse a Asufi, manda a Rumi anasandutsidwa myuziyamu, ndipo kuzungulira kuja kunadzaloledwanso m'zaka za m'ma 1950 ngati chionetsero cha chikhalidwe. UNESCO inazindikira mwambowu mu 2005, ndipo mu 2007 inakumbukira nawo zaka 800 chibadwire Rumi.

Masnavi sanaimalize. Buku la 6 limathera pa nthano ya ana atatu a mfumu omwe bambo awo anawauza kuti yendani kulikonse koma ku linga lakutilakuti musapiteko, iwo nkupita komweko, nkuonako chithunzi cha mwana wamkazi wa mfumu ya ku China ndipo onse atatu anagwa m'chikondi nkuyamba ulendo. Wamkulu anapupuluma nkufa, wachiwiri anayamba kudzikuza nayenso nkufa. Za wachitatu Rumi anangoti anali waulesi kuposa onse ndipo ndi amene anapeza zonse, kenako mwachizolowezi chake anapatukira ku nthano ina ya bambo yemwe anasiya chuma chake kwa mwana waulesi kwambiri, jaji akuwafunsa anawo mmodzimmodzi kuti aliyense afotokoze ulesi wake, ndipo nkhani ili mkati choncho Husam analibenso choti alembe.